Akuti Ndine Wowononga Mpweya

Mukadzatsika minibasi pa Malomo n'kumva wakabaza akukufunsani kuti, "Mukupita cha kwa Amayi Ampweya?" musadzavutike kufufuza kuti ameneyo ndani. Ndine. Dzinali sindidalipemphe, ndipo masiku oyamba ndinkati ndikalimva ndinkayang'ana mwala pansi. Nkhani yake anthu aithira mchere mokwanira, ena mpaka akuti ndidakomoka pamsonkhano (bodza lenileni, ndidangokhala pansi mofulumira), ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha mwini wake. Mukaseka sekani, koma mumve kaye mbali yanga.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndidali wapampando wa gulu la amayi oumba mbaula za dothi m'mudzi mwathu, kumtunda kuno kumapiri. Mpando umenewo ndinkaukonda, sindibisa. Ulibe chodyerapo, koma ukafika pamaliro amakuyalira mphasa yakutsogolo, alendo akabwera ndi galimoto amaima pakhomo pako, ndipo ukangoti "amayi" anthu makumi atatu amasiya nkhani zawo. Ntchito yanga yaikulu idali kulalikira kuti mafuwa ndi chikale, amatha nkhuni, amafuka utsi, mayi wotsogola amaphikira pa mbaula. Ndinkalalikira mpaka ena ankati ndikadabadwa mwamuna bwenzi nditavala kolala. Wachiwiri wanga adali a Nachisale, mayi wofatsa, womwetulira nthawi zonse, amene zaka zonsezo ankayang'ana mpando wanga monga galu amayang'anira fupa lili m'kamwa mwa mnzake.

Tsopano ndiulule kamodzi kokha, ndipo musandibwerezetse. Mbaula ndidali nayo, yosalala bwino, pakhonde pamene aliyense wodutsa ankaiona. Ndinkawiritsirapo tiyi ndi ndiwo zamasamba. Koma kuseri kwa nyumba, m'khitchini yanga yofolera ndi udzu, yopanda zenera, mudali mafuwa atatu amene adandisiyira mayi anga. Pamenepo ndi pamene pankapsa chakudya chenicheni. (Musandiuze kuti nyemba zimapsa pa mbaula. Zimapsa inde, koma uyenera kukhala pambali n'kumaidyetsa tinkhuni kamodzikamodzi ngati mwana wodwala. Pa mafuwa umasonkhezera chitsa chimodzi n'kupita kudimba.) Komanso amene adagonapo ku Ntchisi mu Juni akudziwa kuti mbaula ndi youmira, moto wake wonse imasunga m'mimba, siigawira munthu. Ine m'mawa ndimafuna moto woti ndiuone ndi maso, ndiwothe mawondo, chitseko chili chotseka.

Chaka chatha, titangotha kukolola, kudabwera anthu a bungwe lina atanyamula timabokosi toyera, kalikonse kukula ngati njerwa. Amene ankawatsogolera adali mtsikana wina dzina lake Tadala, wokulira ku Lilongwe, waulemu wake ndithu, koma Chichewa chake cha m'mapepala. Adatifotokozera kuti timabokosito timayeza mpweya. Mkati muli kafani kamene kamakoka mpweya, kabokosiko n'kuwerenga tizidutswa ta utsi ndi fumbi tosaoneka ndi maso, kenaka n'kutumiza manambala pa netiweki ya foni mpaka pa kompyuta yawo ku boma. Tina adatimangirira kumsika wa Madisi, tina ku Dowa, tina m'masukulu, ndipo tonse timaoneka pa mapu amodzi ngati timadontho. Kobiriwira ndiye kuti mpweya uli bwino, kachikasu wayamba kukayikitsa, kofiira ndiye zinthu zaipa. M'mudzi mwathu mudafunika kamodzi kokha, ndipo funso loti kakhale pakhomo pa yani silidafunsidwe n'komwe. Padali wapampando.

Adazika mtengo pabwalo panga, n'kumangirirapo kabokosiko pamodzi ndi kasola kake.

"Amayi, ndikupemphani zinthu ziwiri zokha," adatero Tadala. "Musakasunthe, ndipo musakaphimbe."

"Mwana wanga," ndidamuyankha mokweza kuti a Nachisale amve bwino, "ine ndalera ana asanu ndi awiri, palibe amene adasowa. Kabokosi kangandivute?"

Masabata awiri oyamba ndidali ngati mkwatibwi. Anthu ankabwera kudzaona, ine n'kumawafotokozera za tizidutswa tosaoneka ngati ndidatiwerengapo ndekha. Tadala adanditumizira uthenga kuti kadontho ka mudzi wathu kali biriwiri, ndipo ndidaulengeza kumsonkhano wa gulu, kutchalitchi, ndi pamjigo. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewu munthu amaukumbukira chingwe chili kale m'khosi.

Sabata yachitatu akuba adazula sola pa denga la aphunzitsi ena, masanasana, eni ake ali m'kalasi. Amuna anga, a Mbewe, adaima pansi pa mtengo uja akuyang'ana kumwamba, manja kumbuyo.

"Kasola kameneka katsala ndi masiku owerengeka," adatero. "Ndipo kakabedwa, a Nachisale adzati apampando adalephera kusunga kabokosi, nanga gulu angalisunge?"

Mawu amenewo adandilowa mpaka m'mafupa. Ndidalingalira kuti Tadala adati ndisakasunthe, inde, koma Tadala adakulira kumpanda wa njerwa, za akuba a kuno sazidziwa. Tsono mayi wa kuno akakhala ndi chinthu cha mtengo wapatali amachisunga kuti? Kutsindwi la khitchini. Kumeneko ndi kumene kumalendewera chimanga cha mbewu, chikwatu cha mfutso, bowa wouma, zonse zimene sukufuna kuti anankafumbwe kapena anthu azipeze. Wakuba akhoza kuthyola nyumba, koma kulowa m'khitchini ya mayi wa eni n'kumafwanthula kutsindwi, ameneyo sadabadwe. Ndidamasula kabokosiko, n'kukapachika pakati pa ngala za chimanga, pamwamba penipeni pa mafuwa. Kasola ndidakabisa pa denga cha kuseri, waya n'kumulowetsa mu udzu. Ndidadziyamikira ndekha kuti pamutu pano pali nzeru.

Apa ndi pamene anthu amandifunsa kuti, "Nanga utsi simudauganizire?" Ayi, sindidauganizire, ndipo sindichita nazo manyazi. Ine ndinkadziwa kuti kabokosiko kakuyeza mpweya woipa, wa m'mudzi, wochokera kwa anthu osasamala. Utsi wa m'khitchini mwako suuwerengera ngati chinthu choipa. Tidabadwiramo, tidakuliramo, ndi umene umateteza mbewu kuti isafumbwe. Ngakhale pamene ndinkalalikira za utsi wa mafuwa, mumtima ndinkanena za mafuwa a anthu ena. Anga adali a mayi anga.

Patapita masiku anayi foni idalira.

"Amayi, kadontho kanu kasanduka kofiira psu," adatero Tadala. "Kakuposa ngakhale ka kumsika wa Madisi kumene amawotcha zinyalala. Kodi pafupi nanu pali chimene chikupsa?"

Ndidatuluka pabwalo, foni ili kukhutu, n'kuyang'ana kumunsi. Ndipo taonani, kuseri kwa nyumba ya a Nachisale utsi uli tolotolo. Amuna awo, a Kwenda, adali atayatsa uvuni wa njerwa. Mtima wanga udavina.

"Mwana wanga, usadandaule," ndidatero. "Wolakwa ndamuona. Ndisiyire ine."

Ndidamanga chitenje cha gulu, n'kutsetsereka. Ndidawapeza a Kwenda akuponya zipika m'kamwa mwa uvuni, thukuta lili kamukamu.

"A Kwenda, kompyuta ya ku boma yakuonani," ndidatero. "Mudzi wonse wafiira chifukwa cha inu."

"Kompyuta yandiona ine? Ili ndi maso?"

"Ili ndi mphuno."

A Nachisale adatuluka, n'kundiyalira mphasa, n'kupepesa mwaulemu wonse, kumwetulira kuli pomwepo. Ndidabwerera kwathu ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Uvuni udapsa masiku ake, n'kuzima, n'kuzizira, njerwa n'kuyamba kuphwasulidwa. Kadontho kadali kofiirabe.

Munthu wanzeru akadaima pamenepo n'kudzifunsa. Ine ndidangoona kuti olakwa ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndidaletsa kutentha zinyalala kumbali yathu yonse. Ndidakalipira osaka mbewa kuti akayatsa tchire ndikawanenera ku boma. Agogo ena, a Gomani, amene akhala akudutsa pakhomo panga ndi chingambwe pakamwa kuyambira ndisadakwatiwe, ndidawauza kuti azizimitsa fodya wawo akafika pa mpanda wanga, ndipo adayamba kuzungulira njira ya kudambo akung'ung'udza. Madzulo aliwonse ndinkabwera kuchokera ku ntchito yoyeretsa mudziyi nditatopa, n'kulowa m'khitchini, n'kutseka chitseko, n'kukoleza moto wa nkhuni zaziwisi, n'kumadandaula ndekha kuti anthu a m'mudzi muno samva. (Kabokosi kali pamutu panga, kakulemba.)

Mu Ogasiti tidapita ndi a Mbewe ku Madisi kumaliro a mlamu wanga, tidakhalako sabata yathunthu. Titabwerako, Tadala adaimbanso.

"Amayi, pali zinazake zimene sizikumveka m'manambalawa," adatero. "Ndimati ndibwere ndekha kaye, tione kabokosiko awiriwiri, tisanauze anthu."

Mwanayo ankandiponyera chingwe kuti ndituluke m'dzenje. Ine ndidachidula.

"Awiriwiri kuti chiyani? Zobisa ine ayi. Ubwere ndi mapepala ako onse, ndiitanitsa mudzi wonse, wolakwayo umutchule poyera, dzina lake ndi la bambo ake. Akhale ndani akhale ndani."

"Mukutsimikiza, amayi?"

"Wandimva."

Tsiku la msonkhano ndidadzuka m'mamawa kuti ndibwezere kabokosi pa mtengo wake, poti za kukasuntha zija ndinkadziwa kuti ndidalakwira lamulo. Nditakatsitsa kutsindwi ndidadzidzimuka. Kabokosi koyera kaja kadali bii, mwaye uli lendelende ngati ndevu. Koma ndidati ili ndi vuto la ukhondo chabe. Ndidakakwecha ndi phulusa, n'kukapukuta ndi kansanza konyowa, n'kukadzoza timafuta todzola kuti kawale. Kadasanduka kotuwa ngati kadwala, koma patali kankaoneka bwino. Ndidakamangirira pa mtengo, n'kusesa pansi pake, n'kupita kukasamba.

Msonkhano udachitikira m'kalasi ya kusukulu, ndipo anthu adadzaza mpaka ena kusuzumira m'mazenera, poti ndidali nditalengeza kuti lero kutchulidwa munthu. Ine ndidakhala kutsogolo pa mpando weniweni wa aphunzitsi, a Nachisale pambali panga pa benchi. Tadala adamata chipepala chachikulu pa bolodi, chojambulidwa mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri a kwathu konkuno.

"Mzerewu ukakwera ndiye kuti utsi wachuluka," adayamba. "Taonani, tsiku lililonse pali mapiri awiri. Lina limayamba faifi koloko m'mawa mpaka cha m'ma seveni. Lina limayamba dzuwa likapendeka."

Ndidatembenuka n'kuwayang'ana a Kwenda ndi diso loti mwamva.

"Uvuni wanga udazima kalekale," adatero a Kwenda. "Ndiponso uvuni sudziwa wotchi."

"N'zimene zinandidabwitsa inenso," Tadala adapitiriza. "China n'chakuti kabokosika kamayezanso kutentha. Ndiye kakunena kuti mu Julayi, faifi koloko m'mawa, pakhomo pa amayiwa pankatentha kuposa ku Nsanje masana."

Anthu adaseka, chifukwa mu Julayi nthawi imeneyo kuno zala zimakana kugwira khasu. Ine sindidaseke. Kwa nthawi yoyamba ndidawaona mafuwa a mayi anga m'maganizo, moto uli lawilawi, kabokosi kakulendewera pamwamba pake.

"Loweruka lililonse phirili silitsika n'komwe," adatero Tadala akuloza ndi ndodo. "Limayamba m'mawa mpaka madzulo. Koma chodabwitsa kwambiri ndi apa. Sabata imodzi yokha mu Ogasiti mzere unagona pansi, mpweya unali wabwino kuposa kwina kulikonse m'boma lino."

A Nachisale adakweza dzanja pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwana wa sukulu wamanyazi.

"Pepanitu alangizi, ine kusaphunzira. Sabata yake iti?"

"Yachiwiri."

"Oho," adatero a Nachisale, n'kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga masiku. "Si ija apampando adali kumaliro ku Madisi?"

Maso onse adatembenukira kwa ine. Tadala adayang'ana chipepala chake, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso chipepala. Ndipo monga amachitira anthu ophunzira, adayamba kuganiza mokweza.

"Ndiye kuti amayi akachokapo mpweya umakhala bwino, akabwera umaipa. M'mawa uliwonse, madzulo aliwonse. Ndiye kuti amene akuwononga mpweya pakhomopa ndi amayi eni akewa."

Inu owerenga mukudziwa chimene timatanthauza kuno tikati munthu wawononga mpweya. Ndi mawu amene timanena mwana akachita zija pagulu, pofuna kupewa liwu lenilenilo. Tadala naye ankawadziwa, koma adawakumbukira atatuluka kale m'kamwa. Adagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anthu adayesetsa, ndiwayamikire. Amayi adaluma nsonga za zitenje, abambo adawerama ngati akupemphera, mapewa okha akugwedezeka. Mwina zikadathera pomwepo, ulemu ukadapambana, pakadapanda mwamuna amene ndidalumbira naye kutchalitchi kuti tidzakhala limodzi pamtendere ndi pamavuto.

A Mbewe adadzambatuka kumbuyo, nkhope ili gwa, okonzeka kufera mkazi wawo.

"Musamunamizire mkazi wanga!" adakuwa. "Loweruka limenelo mukunenalo, kwathu ndi tsiku la nyemba!"

Sindidamvepo phokoso lotero chibadwire. Anthu adafa nalo phwete, ena kugwa pa mabenchi, a m'mazenera kuthamanga kukauza a kumjigo. A Gomani adaseka mpaka chingambwe chidagwa kuchokera kukhutu. A Kwenda ankamenya desiki akulira misozi. A Mbewe adangoima kukamwa kuli yasa, akufunsa oyandikana nawo kuti, "Ndanena chiyani?" Pamenepo ndi pamene ndidakhala pansi mofulumira paja, chifukwa ndidali nditaimirira osadziwa kuti ndikupita kuti.

Koma sindidakhalitse. Manyazi akafika pamapeto amasanduka ukali, ndipo ukali wanga uli ndi miyendo. Ndidaimiriranso, n'kumenya tebulo.

"Mwatha?" ndidafunsa. "Sekani mumalize, ndili ndi mawu."

Phokoso lidatsika pang'ono.

"Inde, kabokosiko ndidakasuntha. Ndidakaika kutsindwi la khitchini kuopa akuba, ena mwa iwo mwina akuseka nawo muno. Inde, m'khitchinimo muli mafuwa. Ndimaphikirapo, ndipo mawa ndiphikirapo. Tsopano mayi amene alibe mafuwa kuseri kwa nyumba yake aimirire, ndimuone, tipite limodzi pompano tikasuzumire."

Palibe adaimirira. Amayi onse a gulu langa adayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. A Nachisale adapeza kaulusi pa chitenje chawo kofunika kukachotsa msanga.

"Ndiye mukuseka chiyani? Timabokosi tinato tapachikidwa m'mitengo, tikuyeza mpweya wa mbalame. Kanga kokha ndi kamene kadalowa kumene mayi amakhala. Kadanena zoona, ndipo kadanena za tonse."

Ndidakhala pansi ndikuyembekeza kuti wina awombe m'manja. (M'maganizo mwanga ndinkaona akundinyamula.) M'malo mwake a Gomani adatola chingambwe chawo, n'kunena modekha kuti, "Zoona zake n'zimenezo, mayi. Koma ine ndazungulira kudambo miyezi iwiri." A Kwenda adawonjeza za uvuni wawo, wina za zinyalala zake, ndipo ndidaona kuti anthu akhoza kukukhululukira mafuwa, koma sangakukhululukire ulaliki. Mayi wina kumbuyo adangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa," ndipo gulu lidapempha chisankho pompo. Adakweza manja. Sindidawerenge, koma ndidaona kuti manja osankha a Nachisale adali ngati chimanga cha pachulu, osankha ine ngati cha pamchenga. Ndidanyamuka pa mpando wa aphunzitsi uja ndekha, wina asadandiuze.

Zidandipweteka, ndisaname. Madzulo ake ndidapita kudimba ngati ndikukathirira, ndipo ndidalira pakati pa mpiru mpaka mphuno kutupa. Zaka zisanu ndi chimodzi, kutha ndi liwu limodzi la mwana wa m'tauni ndi thandizo la mwamuna wanga. A Mbewe sindidawayankhule masiku atatu, ndipo mpaka lero amaumirira kuti iwo ankanena za kuphika.

M'mawa mwake Tadala adabwera yekha kudzapepesa. Adagwada pakhonde mpaka ndidamumvera chisoni. Kenaka adapempha kuti aone khitchini. Moto udali ukuyaka, ndipo atangolowa adatuluka chafutambuyo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, mumakhala mmenemu? Chitseko chotseka?"

"Zaka makumi anayi, ndipo ndili moyo."

Adamasula kabokosi kaja n'kutsegula ndi kasipanala. Kunja ndidakakwecha, koma mkati mudali bii, kafani katamatirira mwaye ngati phula.

"Aka kakhala mmenemo miyezi iwiri yokha," adatero. "Kodi simutsokomola?"

"Ine? Chifuwa changa ndi cha mtsikana. Ndikatsokomola ndiye kuti ndi mphepo ya kuphiri, kapena fumbi la..."

Sindidamalize. Chifuwa chidasankha nthawi yomweyo kundiyalutsa. Ndidatsokomola mpaka kugwira chipupa, chikhosomo chija chimene ndakhala nacho zaka zambiri n'kumachinamizira Juni. Tadala adangonditambasulira kabokosi kotsegulako kuti ndikaone bwino, ndipo ndidakayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira.

Sabata yomweyo ndidawauza a Mbewe kuti aboole zenera m'khitchini, lalikulu, mbali ziwiri. Aliyense wofunsa ndimamuuza kuti ndimafuna kuona mbuzi zikamalowa m'munda, ndipo amene akuganiza kuti ndidamvera kabokosi aganize zake. Chitseko ndimachisiya chotsegula chifukwa chayamba kulimba, osati chifukwa cha munthu. Mafuwa ali pomwepo. Ndidamva kuti a bungwe aja, ataona manambala a kwa ine, adaganiza zoika timabokosi tina m'makhitchini mwadala kuti adziwe zimene amayi amapuma. Nzeru imeneyo ndi yanga, ndipo palibe amene wabwera kudzathokoza. Kabokosi koyamba ka mtundu umenewo adati kakhale kwa wapampando watsopano, kuti apereke chitsanzo. Tadala adakamangirira yekha m'khitchini ya a Nachisale, ndi waya wolimba, n'kuwauza kuti kakangosunthidwa kompyuta idziwa.

Kadontho ka a Nachisale kali biriwiri mwezi ndi mwezi, ndipo amakayamikira m'misonkhano. Ine ndinkadabwa kuti mayi ameneyu nyemba adasiya kudya kapena bwanji. Yankho lidabwera Loweruka lina m'mawa. Ndidamva "odi" wonong'ona kuseri kwa khitchini, kumene kulibe njira. Nditasuzumira pa zenera langa latsopano ndidaona a Nachisale ataima m'chinangwa, atafungatira chinthu m'chitenje.

"Apampando," ndidatero, "mwasochera?"

"Anzanga, musakweze mawu," adatero akuyang'ana uku ndi uku. Adavundukula chitenje, ndipo mudali mphika wa nyemba zonyika kale. "A Kwenda akuti atopa ndi masamba. Pa mbaula ndayesa, tsiku lonse ndili chogwada ngati ndikupembedza. Ndimati mwina pa moto wanu pali malo."

Ndikadatha kuwabweza. Ndikadatha kuitana mudzi wonse, ndipo mayi wina wamtima wabwino kuposa ine akadawauza kuti zakale zidapita. Ine ndidawatsegulira, n'kuwalozera mafuwa, n'kukhala pa mtondo pakhomo pamene pamawomba kamphepo, manja ndidapinda. Nkhuni zidali zaziwisi pang'ono, ndipo sindidawapatse zouma zimene zidali kuseri kwa chitseko. Adagwada, n'kuyamba kulimbana ndi moto, utsi ukuwalowa m'maso.

"Sukuyakatu," adatero akupukuta misozi. "Tandithandizani kuuzira."

"Ine ayi, wanga ndi wowonongeka, boma lonse likudziwa," ndidayankha. "Uzirani ndinu, apampando. Mpweya wabwino m'mudzi muno ndi wanu."

Amabwera Loweruka lililonse, ndipo amauzira okha.